Chitunda cha Panjira ya ku Bvumbwe

Ndikukumbukira Loweruka lina m'nyengo ya Chitaganya, chaka chimene ndinachoka kwathu ku Chiradzulu kudzakhala ndi amalume ku Soche. Ndinali nditangomaliza kumene sukulu ya mishoni ya kumudzi, ndipo m'tauni ndinkayenda maso ali pansi, kuopa kulakwira munthu.

Amalume, a Namalomba, anali mesenjala pa ofesi ina ku Limbe. Iwo ndi anzawo, amesenjala, atelala ndi akalaliki angapo, anali ndi kalabu ya njinga. Mwezi uliwonse ankapalasa limodzi ulendo wa tsiku lathunthu, aliyense atamanga kansalu kofiira pahandulo. Kansaluko ndinkakasirira kwambiri. Koma kuti mlendo alandire kake, ankayenera kukwera chitunda chachitali cha panjira ya ku Bvumbwe osaponda pansi ngakhale kamodzi. Akaponda, basi, adikire chaka chamawa.

"Usandichititse manyazi," anatero amalume pondibwereka njinga yawo yakale, ya chishalo chomanga ndi mphira.

Tinanyamuka pamsika wa Limbe kukuzizira, mabelu ali ngirii ngirii, ine ndili kumbuyo kwenikweni. Titasiya nyumba za malata, mphepo inayamba kununkha bulugama ndi utsi wa m'minda yotentha. Ana ankatithamangira akukuwa, amayi osenza nthochi nkumapatukira kuudzu. Miyendo yanga siinkamva kanthu, pakuti kumudzi ndinazolowera kupalasa ndi thumba la chimanga pakaliyala popita kuchigayo.

Vuto linayamba pakati pa chitunda. Patsogolo panga panali a Makwinja, telala wamkulu thupi, amene ankapuma ngati mvukuto. Njinga yawo inkangokwawa. Kwathu anatiphunzitsa kuti mwana sapitirira munthu wamkulu ali pachishalo. Amatsika, kuvula chipewa, nkukankha njinga mpaka atadutsa. Tsono kutsika sindikanatha, kuwapitirira kunalinso chipongwe. Ndinagwira mabuleki pachikweza, tayala langa likununkhiza tayala lawo. Njinga inayamba kudzandira, phazi lamanzere nkuchoka lokha papedulo kufunafuna dothi.

Ndinalibweza msanga. Kenaka ndinavula chipewa ndi dzanja limodzi, nkunena kuti, "Zikomo bambo, ndidutse nawo."

"Dutsa iwe!" anakuwa a Makwinja. "Ukufuna ndikubereke kumbuyo?"

Ndinadutsa. Koma kutsogolo kwawo kunali wamkulu wina, ndipo kutsogolo kwa ameneyo kunali winanso. Aliyense ndinamuvulira chipewa ndi kumupempha njira. Wina anaseka mpaka njinga yake inalowa m'ngalande. Amalume nditawapeza ndinawavulira kawiri, koma iwo sanandiyang'ane, anangoti, "Palasa, usayankhule!" Thukuta linkandilowa m'maso, fumbi lili m'mano, mtima ukugunda m'makutu. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti kutsogolo kulibenso msana wa munthu, koma msewu wokhawokha ndi minda ya tiyi yobiriwira kutali uko.

Pamwamba ndinaima ndekha pansi pa mtengo wa mango, mantha atandigwira. Ndinali nditasiya akuluakulu onse kumbuyo ngati mwana wosaleredwa. Atafika a Likoswe, kalaliki amene ankatsogolera kalabuyo, ndinanjuta ndi kuyamba kupepesa.

"Taonani zodabwitsa," iwo anauza anzawo akupukuta magalasi. "Watikwapula tonse ndi dzanja limodzi, ndiye akuti pepani! A Namalomba, mwana ameneyu mumamudyetsa chiyani?"

Anamasula kansalu ka panjinga yawo yomwe nkukamanga pahandulo yanga, onse akuliza mabelu. A Makwinja, amene anafika akukankha, anandigulira chipanda cha thobwa pamsika wa Bvumbwe. Pobwerera anandiika patsogolo, akuti ndingathe chipewa ndi kuvulavula. Tinalowa mu Limbe dzuwa litapendeka, ine ndikutsogolera abambo a ndevu zawo, ndipo amalume ankauza aliyense wa m'mbali mwa msewu, ngakhale osawadziwa, kuti, "Uyo ndi mphwanga!"

Lero msewu uja ndi wa phula, ndipo maminibasi salola njinga kuyenda ziwiriziwiri. Adzukulu anga amapita ku Bvumbwe atakhala pampando, nkubwera akudandaula msana. Ndikawauza kuti ine ndinakafikako woyamba ndi miyendo yomweyi, amayang'ana ndodo yanga nkuseka. Asiyeni aseke. Amene anandiona tsiku limenelo sanaseke miyendoyi.