Madzi Ofiira a Chidede

Ndinayamba kuziona pa mjigo. Nditangotula ndowa, amayi onse anakhala chete, ndipo aNangozo, oyandikana nawo nyumba, anakoka mwana wawo amene ankasewera ndi Tamanda wanga. Anamukoka mwamphamvu mpaka mwana analira. Moni wanga palibe anayankha.

Chinayambitsa zonsezi inali ntchito yanga yoyamba. Anandipezera ndi ahedi a sukulu yathu, kufupi ndi Bembeke, poona kuti bambo a ana anapita ku Joni ndipo foni yawo inasiya kulowa. Kunabwera aphunzitsi a ku koleji ndi ophunzira awo, oti adzakhale aphunzitsi a sayansi. Ankachita kafukufuku limodzi ndi aphunzitsi athu, kufuna kuona ngati ana angamve sayansi ndi zinthu za m'mudzi momwemu. Wotsogolera anali Madamu Chisale. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma iwo anati, "Kuwiritsa ndi kusefa mumatha? Basi, ntchito mwaidziwa."

Ndinkawiritsa chidede kunyumba, chifukwa kusukulu kunalibe nkhuni, kusefa pa kansalu koyera, n'kuthira m'mabotolo. Ndinkakonzanso chidulo ndi kufinya mandimu. M'kalasi mwana ankakoka madzi a chidede ndi sirinji yopanda singano. Akadontheza m'chidulo madzi ankabiriwira, m'mandimu ankafiira kwambiri. Ana ankakuwa ndi chimwemwe, a ku koleji akulemba zimene ana ayankha. Ndikaweruka ndinkatsuka masirinjiwo n'kuwayanika pathandala panga, poyera, pambali pa mbale.

Koma mwana akafika kwawo ankangoti, "Lero tinakoka zofiira ndi jekeseni." Makolo sanaitanidwepo kudzaona. Ankangoona galimoto yachilendo, majekeseni, ndi ine ndikupita kusukulu ndi mabotolo ofiira m'dengu.

Loweruka lina masana ndinamva mwala padenga. Kenako wina. Ndinali ndi Yamikani kumsana, woyamwa, Tamanda atandigwira chitenje. Kusuzumira pazenera, bwalo ladzaza, anthu omwe timapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

"Amake Tamanda, tulukani!" Anali a Jere, achimwene awo a aNangozo. "Magazi a ana athu mukugulitsa kwa ndani?"

Ndinalowetsa Tamanda kunsi kwa bedi, ndinatenga botolo ndi chidede chouma, ndinatuluka.

"Ndi chidede ichi, a Jere. Chomwe chija cha ndiwo. Nunkhizani."

Palibe anayandikira. Ndinatsegula, ndinamwa theka la botolo onse akuona, kuwawasa kwake mpaka misozi. Mayi wina kumbuyo anati, "Mwaona? Anazolowera, mpaka amamwa."

Anatenga masirinji pathandala, anaswa mabotolo, ndipo mnyamata wina anati nyumba ya anamapopa siyenera kukhala ndi denga. Ahedi anafika akuthamanga, anawachonderera mpaka anabalalika, koma pochoka ankacheukabe.

Ndinaimbira Madamu. Analira pafoni, sindinama. "Ntchito tayamba taimitsa, kumeneko sitingabwere panopa. Tinalakwitsa kusayamba ndi makolo. Dzisamalireni, mayi."

Iwo anali ndi koleji yobwerera. Ine nyumba yanga inali yomweyo, munda wanga wa kachewere womwewo, mjigo womwewo. Ndamva kuti kusukulu zina njira ya chidede ija akuphunzitsirabe, ndipo ikuthandiza. Sindikana, inali yabwino, ndinaona ndekha ana akusangalala. Koma lero wina atandipatsa ntchito yokhudza ana a anthu, ndingayambe ndafunsa ngati makolo aona kale ndi maso awo.

Loweruka lomwe lija ndinamanga zovala za ana m'chitenje. Sindinadzere msewu. Ndinadzera m'minda, m'munsi mwa phiri, Tamanda ndikumuuza kuti tikupita kukaona agogo, asalankhule mokweza. Titafika kutali kumene sakutidziwa ndinapeza kabaza mpaka ku Mayani, kwa amayi anga.

Kukhala nawo sindikanatha, nyumba yopanda munthu akanaiotcha, kachewere akanakumba. Yamikani anali asanafike posiya bere. Ndinamuyamwitsa komaliza pakhonde, mabere onse awiri, mpaka anagona. Ndinamuika m'manja mwa amayi, ndipo ndinanyamuka kubwerera kunyumba ndekha asanadzuke.