Nanzikambe wa m'katoni ya sopo

Inali katoni ya sopo wochapira, yobooledwabooledwa ndi msomali, pamwamba titaphimbapo chidutswa cha neti. Mpaka lero fungo la katoni yonyowa limandibwezera ku dzinja limene ndinali Sitandade 3, chaka chomwe sukulu inayamba kukhala yaulere. Ana tinachuluka moti kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, phiri la Mulanje lili kumsana kwathu.

Aphunzitsi athu anali achitsikana ochokera ku Dedza, ndipo buku analibe ndi limodzi lomwe. Tsiku lina akutiuza za nyama zokwawa, nanzikambe anagwa mumtengo muja, phi! pakati pathu. Tinabalalika tikukuwa, anyamata n'kuyamba kutola miyala. Kwathu tinkadziwa kuti chilonda cha nanzikambe sichipola, komanso kuti wamkazi akafuna kubereka amadzigwetsa n'kuphulika, ana n'kutuluka iye atafa.

"Miyala pansi!" anatero aphunzitsi. Anamutola ndi kamtengo n'kumusiya ayende pamkono pawo, mwaulesi wake uja. Iwo ankamutchula kuti bilimankhwe, ife n'kumaseka dzinalo chamumtima.

Kuyambira pamenepo nanzikambe ndiye anali buku lathu, ndipo tinkamusunga m'katoni ija. M'mawa tinkabwera ndi ziwala m'matumba a yunifolomu. Tinaona lilime lake likufwamphuka ngati legeni, chiwala n'kusowa. Tinaona diso lina likuyang'ana kuphiri, lina likuyang'ana ife. Tinamuika pa chitenje chofiira kuti afiire, koma anakana, tonse n'kukhumudwa. Ankangoda akapsa mtima kapena kukazizira. "Musandiuze zomwe munamva, ndiuzeni zomwe mwaona," ankatero aphunzitsi. Ndaphunzitsidwa ndi anthu a madigiri pambuyo pake, koma palibe anandiuza mawu oposa amenewo.

Vuto linabwera Lachisanu limene linali gawo langa lokasunga katoni kunyumba. Amayi anandiimitsa ndisanafike n'komwe pabwalo. "Sukulu yaulere ija ndi imeneyi eti? Chimenecho chikalowa pano, Lolemba uzikatola nane nkhuni kuphiri. Zasukulu zatha." Ndinalira, chifukwa amayi sankabwereza mawu. Anandipulumutsa ndi amalume, amene ankakhala kuseri kwathu. Nawonso ankaopa. Ananyamula katoniyo atakoleka kunsonga ya nsungwi yaitali, n'kukaibisa m'munda mwawo mwa chinangwa. Koma Lamlungu amayi anawapeza atagwada mu udzu ndi jekete lawo la kutchalitchi, akuthamangitsa ziwala. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo za kundisiyitsa sukulu sanazitchulenso.

Chimanga chitayamba kukhwima, mimba ya nanzikambe inatupa. Anasiya kudya, n'kumangokanda pansi pa katoni. Aphunzitsi anamutulutsa n'kumuika pa dothi lofewa, patsinde pa mango paja. Anayamba kukumba pang'onopang'ono, mwendo uno, kenako uwo. Tinamuzungulira, ena atatseka makutu kudikira kuti aphulike. Belu loweruka linalira iye akadali m'dzenje.

Mawa lake tinalawirira. Dzenje tinalipeza litakwiriridwa bwinobwino. Aphunzitsi anafukula pang'ono ndi chala, tinaona timazira toyera tofewa, tonga nyemba zonyika m'madzi, iwo n'kukwiriranso dzenjelo. Mnzanga wina anakuwa akuloza m'mwamba. Nanzikambe uja anali pa nthambi, wowonda, khungu lili lendelende, koma wamoyo, diso limodzi likutsata ntchentche. Tinadumphadumpha ngati sukulu yathu yagoletsa chigoli.

Amayi anali ataima patali ndi mtolo wa nkhuni pamutu, akunamizira kungodutsa. Aphunzitsi anakhala pamwala n'kuyamba kuseka, koma kusekako kunatha ndi misozi. Amayi anatula nkhuni zawo, anakakhala pafupi nawo n'kuwagwira dzanja. Ndinangomva amayi akuti, "Mwaona nokha. Inunso mudzadzuka choncho, mwanangu."

Madzulo amayi anandituma kukapereka mandimu ndi chinangwa chophika kunyumba kwa aphunzitsi, ndipo anapitiriza kundituma mpaka teremu inatha. Ine ndinkati amayi akupepesa chifukwa chonyoza nanzikambe wathu. Sindinkadziwa chifukwa chomwe aphunzitsi anayambira kumanga chitenje pamwamba pa diresi, kapena mantha omwe mtsikana amagona nawo akamayembekezera mwana woyamba, mayi ake ali kutali.