Miguel ndi Mikayeli ndi Munthu Mmodzi

Ana inu, mtsinje si m'bale wanu. Chaka chija Ruo atasefukira, Alzira anabwerera kumudzi n'kupeza matope pamene panali nyumba. Amuna ake, a Miguel, madzi anawatenga iye akuona.

Anthu atayamba kuumbanso njerwa, apongozi ake anadula thunthu la nthochi kuti aliike m'manda m'malo mwa mtembo.

"Mwana wanga, lira zithe. Wamadzi sabwerera."

"Amayi, sindiika nthochi ine."

Alzirayu anaphunzirako za makompyuta ku Mocuba, koma mayeso anamukana. Anapempha kompyuta yakutha pasitolo ina ku Milange, n'kuilumikiza ku sola. Kenaka anayamba kuilembera malamulo, kuti aliyense wa m'misasa ya othawa madzi, tsidya lino kapena la Malawi, azitumiza maina pafoni, ndipo wofuna m'bale wake azifunsa, iyo n'kuyankha. Amati seva. Chinthu chosagona ngati chimenecho n'choopsa, musamachizolowere.

Chinavuta. Alembe apa, chife apo. Mitambo ikaphimba dzuwa, zii! Chitayamba kuyankha, Alzira analemba dzina la amuna ake. Chinati palibe. Mawa lake, palibe. Dzenje la nthochi lija n'kuti litakumbidwa kale.

Apa mverani. Chinthu usanachikhulupirire, uzichiyesa ndi zimene ukuzidziwa kale. Alzira anaitana dona Francisca, mnansi wake amene anali atangobwera kuchokera kumsasa wa ku Muloza, n'kulemba dzina lawo iwo ali pompo. Palibe.

"Ndiye ndafatu ine? Bwanji simunandiuze, ndikanasamba!"

"Kumsasa anakulembani ndani, dona?"

"Kamnyamata ka Chimalawi. Kanati Fulansisika."

Alzira anagwira pakamwa. Makina sadziwa chibale. Chilembo chimodzi chikasiyana, kwa iwo ndi mlendo. Anakhala pansi n'kuwaphunzitsa kuti Francisca ndi Fulansisika, Olímpio ndi Limpiyo. Anayesa ndi amoyo onse a m'mudzi, mmodzimmodzi, mpaka aliyense anapezeka. Pomaliza anawauza kuti Miguel ndi Mikayeli, dzina laubatizo la amuna akewo.

Mikayeli analipo, pachipatala china tsidya lija.

Alzira anabwera nawo panjinga, mwendo umodzi atawadula, ndipo mpaka lero mvula ikagunda amabisala. Si onse anapeza amoyo. Ambiri seva ija inangowalozera manda. Koma lero a ku Majaua ndi ku Mongue akasowa munthu amathamangira kwa Alzira, yemwe uja analephera mayeso.

Thunthu lija apongozi anadyetsa nkhumba.

Tsono inu, musamange pafupi ndi madzi. Musakhulupirire "palibe" woyamba, kaya wanena ndi munthu kaya makina. Funsaninso ndi dzina lina. Dzenje lisakufulumizitseni, ndipo mtima wanu musauike m'manda usanafe.