Tizilombo tanga ndi chilumba cha amuna

Chaka chomwe kolera inavuta m'mbali mwa nyanja, ine ndinali kwathu ku Salima ndi laputopu, ndikumaliza kafukufuku wa kuyunivesite. Ntchito yanga inali kuweta tizilombo ta kolera m'kompyuta. Sindikunena tamoyo ayi. Ndinkalemba njira zonse zomwe kachilombo kamagayira chakudya, kenako n'kumakamana shuga kapena mpweya kuti ndione ngati kafe. Kawirikawiri sikankafa. Ndikatseka njira iyi, kankalambalala n'kudzera ina.

Bambo anga ankandiseka kuti ndine m'busa wa mbuzi zosaoneka. Iwo anali msodzi, ndipo nyengo imeneyo anali ku Mbenji, chilumba chomwe mkazi sapondako. Lamuloli ndinakula nalo ndipo, ngakhale ndine mkazi, silinkandipweteka mutu. Ndikanakatani kumeneko, konunkha usipa?

Tsiku lina m'mawa mnzawo anaimba foni. Anati bambo akutsegula m'mimba, zotuluka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo bwato lawo laling'ono silingawoloke chifukwa cha mwera. Ndinadziwa chomwe chinali. Ndinadziwanso kuti munthu wotero amauma msanga.

Ndinasungunula mchere ndi shuga m'chigubu n'kuthamangira kudoko, komwe boti la injini linkanyamuka kukawatenga. Mwini boti, nkhalamba yomwe inkapemphera mzikiti umodzi ndi bambo, anandiletsa madzi ali m'mawondo.

"Mwana wanga, wallahi ndikumva chisoni, koma mkazi sakwera la ku Mbenji. Tipatse chigubucho."

"Muziwamwetsa osalekeza, ngakhale azisanza," ndinatero.

"Inshallah."

Sindinakuwe, sindinatukwane, ine amene ndimakangana ndi kondakitala aliyense wa minibasi. Ndinangokhala pamchenga. Chomwe ndimakumbukira ndi mbuzi yomwe inkadya katoni pafupi nane. Ndinaiyang'ana mpaka inamaliza.

Boti linabwera dzuwa litapendeka. Anazimitsa injini akadali kutali, ndipo palibe amene anakweza dzanja. Chigubu changa anachitsitsa chili chodzadza kupitirira theka.

Azaumoyo anathira mankhwala mtembo wa bambo n'kuukulunga m'pulasitiki. Sanasambitsidwe monga mwa chisilamu, ndipo shehe anapemphera ataima patali. Kumanda nako akazi sitipita. Choncho nkhope yawo sindinaione. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, koma sikunali kulimba. Ndinkangomva ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali.

Patapita masiku ndinabwerera ku ntchito yanga, poti panalibe china chochita. Ndili pakhonde masana, mayi anabwera n'kukhala pamkeka.

"Iwe umaweta tizilomboto, tandionetsa. Timaoneka bwanji tomwe tatenga abambo ako?"

Ndinalibe chithunzi, poti ine ndemwe sindinationepo ndi maso. Ndinawaonetsa chomwe ndinali nacho, mapu a njira zija, timizere ndi timivi tolukanalukana ngati ukonde. Mayi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pagalasi n'kutsatira kamzere kamodzi mpaka pomwe kanathera.

"Ndi timeneti?"

"Eya, amayi."

Anagwedeza mutu, nadzuka chala chija atachitalikitsa ndi chitenje. Ndinawamva kuseri akutunga madzi mumtsuko, n'kusamba m'manja ndi sopo.