Mayi wofuna chithunzi cha ku Beira

Ana anga ndi adzukulu, mwaswera bwanji nonse.

Masana ano kwabwera mayi wina kuno ku Tafara, wotchena bwino, Chishona chake chokhotakhota. Akuti wachokera ku Beira, akusonkhanitsa zithunzi zakale zoti alendo opita kunyanja aziona: gombe, mbalame, akamba am'madzi ndi mafakitale amene anatsekedwa. Akufuna chithunzi cha malemu bambo anu, chija anajambulitsa padoko ataima pafupi ndi sitima, masiku amene tinkaperekeza azungu kutchuthi malire asanatsekedwe. Bambo anu ankaphika, ine ndinkalera ana a azunguwo.

Ndamufunsa kuti, "Mwamva kwa ndani kuti ndili nacho?"

Wangoseka. "Gogo, musaope, ndikakopera chabe n'kubweza."

Kubweza! Nthawi ya nkhondo ya ufulu kunabwera munthu waulemu chomwechi kwa aneba athu ku Mbare, kudzabwereka chithunzi cha mwana wawo. Sabata isanathe chinali m'manja mwa apolisi, mwanayo n'kutengedwa.

Ndiye mayi waleroyu ndamuuza kuti chithunzi chathucho chinadyedwa ndi chiswe. Mayiyo wayang'ana chitseko cha kuchipinda n'kunena kuti, "Si chili m'Baibulo la Chichewa lija, pansi pa sutikesi?"

Chithunzi cha bambo anu n'chimodzi chokhacho, ndipo mlendo sangalote pamene ndimachibisa. Ngakhale tiyi sindinamupatse. Akuti abweranso Loweruka.

Ndimutsekulire kapena ayi? Koma musanandilangize, amene wamuuza zam'chipinda mwanga ayambe wadziulula pompano. Musanamizire netiweki, foni ikundionetsa nonse amene mwawerenga.