Makina a Fotokope Anasunga Nkhope ya Mkazi Wanga

Ndiyambe ndi kuvomera kuti tsiku lina Lachiwiri, pa nthawi ya nkhomaliro, ndinasindikiza nkhope ya mkazi wanga kamakumi asanu. Ndinkafuna pepala limodzi lokha. Chala changa chinadina 5 kenako 0, ine n'kumaganiza kuti ndikusankha kukula kwa chithunzi. Makina a fotokope a muofesi ya kuntchito kwathu anayamba kulavula mapepala osalekeza, ine ndikupapasa uku ndi uku kufuna batani loimitsira. Mayi wa pa desiki yolandirira alendo anasuzumira, natola pepala limodzi, n'kundifunsa ngati akunyumba akuima nawo pa chisankho. Tinaseka tonse. Ndinkaona ngati manyazi a tsikulo athera pomwepo. Inu owerenga, chija chinali chiyambi chabe.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma kuwerenga sindinasiye. Ndimawerenga chilichonse: mabuku a ku laibulale ya kuno ku Ellenbrook, dera lathu mumzinda wa Perth, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, ngakhale kabuku ka malangizo a ketulo. Azibambo anzanga a kutchalitchi amanditchula kuti Pulofesa, ndipo ndikamva dzinalo ndimachita ngati sindikulifuna pamene mumtima ndikunyadira. Kuno ku Perth anatibweretsa ndi mkazi wanga. Iye ndi namwino, amayendera okalamba m'makomo mwawo, kuwatsuka mabala ndi kuwapatsa mankhwala. Viza yathu ili pa ntchito yakeyo. Ine ndinangolembedwa m'munsi mwa pepala lake ngati katundu wa m'manja. Ntchito yake ndi ya pagalimoto tsiku lonse, khomo ili khomo ilo. Popanda laisensi palibe ntchito, ndipo popanda ntchito yake ife tonse tilibe poima m'dziko muno. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Ine ndimagwira m'nyumba yosungira zipangizo pa kakampani kena ku Kwinana. Chaka china anzanga a kutchalitchi ananditenga kokawedza nsomba kumpoto, komwe msewu umathera mumchenga. Ndinabwerako nditapenga nazo galimoto za 4x4. Sipanapite nthawi, ndinagula yanga yakale, yoyera, yokhala ndi chitsulo chotchinga kutsogolo. Mkazi wanga anaikwera kamodzi kokha, n'kunena kuti ngati akanafuna matola akanatsala ku Lilongwe. Chiwongolero chake sanachigwirepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Vuto linayamba itabwera kalata ya inshuwalansi ya chaka chachiwiri. Mtengo unali utakwera moti ndinakhala pansi. Mwina chifukwa china chinali chakuti ndinali nditagunda kamtengo pobwerera m'mbuyo kugombe, komanso kamera inandijambulapo ndikuthamanga. Pulofesa anatenga kabuku ka kampaniyo n'kukawerenga konse, mpaka timalemba ting'onoting'ono tija anthu anzeru zawo amangodumpha. Ndinapezamo njira zabwinobwino zotsitsira mtengo. Ndinachotsa makatoni m'galaja kuti galimoto izigona mkati. Ndinavomera kuti ikachitika ngozi ndiziyamba ndalipirako ndekha gawo lokulirapo. Ndinawauza zoona kuti galimotoyo imayenda kumapeto kwa sabata kokha, popeza kuntchito ndimapita pa ya mnzanga. Ndinaimbira makampani asanu ndi awiri kufunsa mitengo, ndipo ndinkauza aliyense wofuna kumva, mpaka a Tembo, aneba athu ochokera ku Zambia, omwe ndinawaimika padzuwa ndi payipi yothirira maluwa m'manja.

Zonsezi zikanandikwanira. Koma ndinaonanso kuti mtengo umatsika kwambiri ngati woyendetsa wamkulu wa galimoto ali munthu wopanda mlandu uliwonse pamsewu. Munthu wotere ndinali naye m'nyumba. Mkazi wanga chiyambire kuyendetsa sanalandirepo chindapusa ngakhale chimodzi. Amaima pa roboti yofiira ngakhale msewu uli mbee. Ndinaganiza zomulemba iyeyo ngati woyendetsa wamkulu, ine wongothandizira. Ndinadziwa kuti ndikamufunsa akana, chifukwa linali bodza. Ndiye sindinamufunse.

Wothandiza anthu kupeza inshuwalansi amene ndinkalankhula naye anati nditumize chithunzi cha laisensi, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi kalata yosonyeza pomwe timakhala. Lachiwiri lija mkazi wanga sanapite kuntchito, anali ndi chimfine. Ndinatsegula chikwama chake m'mawa iye ali kubafa, n'kusolola kakhadiko. Pafoni ndikanatha kujambula, koma ndinkafuna chioneke chaudongo, ngati cha munthu wophunzira. Choncho ndinakayala laisensiyo pagalasi la makina a kuofesi, pamodzi ndi kalata ya magetsi. Nditatumiza chithunzicho kwa munthu wa inshuwalansi uja, mapepala makumi asanu aja ndinawalowetsa limodzilimodzi m'makina ong'amba mapepala, n'kudzitamandira kuti ndine munthu wosamala. Madzulo laisensi inabwerera m'chikwama. Mtengo unatsika. Ndinagula nkhuku yootcha yopita nayo kunyumba osanena chomwe tikukondwerera.

Patapita miyezi ingapo, kuntchito anasintha makina a fotokope. Kunabwera amuna awiri kudzanyamula akale aja pa kangolo. Ine ndemwe, ndi ulemu wanga wonse, ndinawagwirira chitseko.

Kalata yoyamba inafika m'nyengo yozizira. Inali ya mkazi wanga, yonena kuti anathamangitsa galimoto kwinakwake kum'mwera kwa mzinda. Nambala ya galimotoyo sitinkaidziwa. Iye anaseka, nati alakwitsa, adzawaimbira akapeza mpata, n'kuipanikiza pafiriji. Isanathe sabata inabwera yachiwiri, ya roboti yofiira. Yachitatu inabwera ndi chenjezo. Kuno mlandu uliwonse wa pamsewu umabwera ndi mapointi, ndipo akakwana khumi ndi awiri laisensi amailanda kwa kanthawi. Mkazi wanga anali atatsala pang'ono kufika pamenepo, pa milandu ya galimoto yomwe sanaionepo ndi maso.

Ataimba foni ku ofesi yoona za pamsewu, anamulongosolera mmene zimachitikira. Kamera ikajambula galimoto, kalata imapita kwa mwini wake. Mwiniwakeyo atha kulemba kuti tsiku limenelo ankayendetsa ndi munthu wina, n'kupereka dzina, keyala ndi nambala ya laisensi ya munthuyo. Winawake anali nazo zonsezi za mkazi wanga, ndipo ankamusenzetsa milandu yake.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa mantha. Mkazi wanga ankangotosatosa chakudya. Popita kuntchito ankayendetsa ngati wanyamula mazira, podziwa kuti akangolakwitsa kamodzi kokha, kwatha. Galimoto ya positi ikaima panja, ankasiya chilichonse n'kuima pawindo. Ankakhuthula chikwama chake patebulo n'kumadzifunsa yekha kuti laisensiyi anaionetsa kuti: kusitolo ya mafoni kodi, kapena kubanki? Kenako anakumbukira kuti pa chinkhoswe china anasungitsa chikwamacho kwa mayi Nachisale, mnzake wa m'kwaya, amene ali ndi mlamu wodziwika ndi liwiro. Sananene kanthu kwa iwo, koma anasiya kukhala nawo pafupi poimba.

Ine nthawi imeneyo ndinkadzilimbitsa mtima kuti sizikundikhudza. Mapepala aja si ndinawang'amba? Koma Lolemba lina abwana anatisonkhanitsa tonse m'chipinda chodyera. Anati makina akale aja anachoka osafufutidwa. Mkati mwake muli kachipangizo kosunga zinthu ngati ka mukompyuta, ndipo makina ambiri otere amasunga chithunzi cha pepala lililonse limene laikidwa pagalasi. Akale aja anagulitsidwa kwa wina, winayo n'kugulitsanso, ndipo palibe ankadziwa komwe ali. Wantchito mnzathu mmodzi anali atapeza kale kuti wina watsegula nambala ya foni m'dzina lake. Abwanawo anapepesa, nati aliyense amene anakoperapo mapepala akeake akawaone.

Mayi wa padesiki uja anandiyang'ana, akukumbukira za chisankho. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Munthu wowerenga kabuku ka ketulo sindinkadziwa kuti makina a fotokope ali ndi mutu wokumbukira. Ndinang'amba mapepala makumi asanu, koma chithunzi chenichenicho ndinachitsegulira chitseko.

Apa ndiye pali tchimo langa lalikulu, inu owerenga, loposa la m'chikwama lija. Ndinakhala chete masabata atatu. Ndinkaopa maso a mkazi wanga. Ndinkaopanso kuti nkhaniyi ikafika kupolisi afunsa chifukwa chomwe laisensi inakafikira ku Kwinana, ndipo bodza langa la inshuwalansi lidzaonekera, dzina lake lili pamwamba. Tsiku lililonse ndinkalowa pakhomo mawu ali kukamwa, koma ndikamuona ndinkangofunsa ngati kwabwera kalata ina. Ndinkamuthandiza kulemba mndandanda wa malo omwe akuwakayikira, ndi dzanja lomweli. Kuwerenga kunandikanika. Ndinkatsegula buku, maso n'kumangoyenda pa mzere umodzimodzi.

Chinandithyola ndi Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi. Mayi Nachisale anabwera kudzatipatsa moni atanyamula kabakuli ka mandasi otipatsa. Mkazi wanga anayankha moni wa pakhosi, osalandira kabakuliko, n'kulunjika kugalimoto. Ndinaona mayi aja ataima pomwepo, akuyang'ana mandasi awo ngati ndiwo alakwa. Titalowa m'galimoto yake ndinamugwira dzanja asanalize injini, n'kumuuza zonse, kuyambira chikwama mpaka chitseko.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Akuyang'ana kutsogolo, anati, “Bambo a Tadala, sabata yoyamba penipeni kuntchito kwathu anatiphunzitsa za makina amenewo. N'chifukwa chake sitikopera mapepala a odwala paliponse. Mukanangondifunsa.” Atatero anatsegula chitseko, nati titsike. Mayi Nachisale anali asanachoke. Ndinakawapepesa ndine, pamaso pa azimayi a kwaya, chipewa chili m'manja. Mandasi aja tinawalandira, koma ine sanandipatseko.

Masabata otsatirawo anali oyenda ndi oyembekeza. Tinapita kupolisi kukapereka lipoti. Ndinakagogoda kwa abwana anga mochedwa choncho, iwo n'kutilembera kalata yofotokoza za makinawo. Mkazi wanga anachita kuuza akuluakulu ake kuntchito, chinthu chomwe ankachiopa kuposa zonse, kuti amupatse umboni wa komwe anali pa masiku atatu aja. Tsiku la roboti yofiira, pa ola lomwelo, anali akumanga bala la gogo wina kutsidya lina la mzinda. Tinapempha zithunzi za kamera. Pa chimodzi pankaoneka mkono wa mwamuna, wonenepa, utatsamira pawindo. Milandu iwiri inachotsedwa msanga. Wachitatu unatenga nthawi, ndipo masiku onsewo mkazi wanga ankatuluka m'mawa osadziwa ngati sabata yamawa adzakhala akuyendetsabe. Pomalizira pake nawonso unachotsedwa, ndipo anamupatsa laisensi yatsopano.

Wakubayo sitikumudziwa mpaka lero. Sindinganene molumbira kuti anazitenga m'makina aja, koma kupatula kwa a inshuwalansi, palibe kwina komwe laisensiyo ndi keyala yathu zinagonapo limodzi. Makinawo ali kwinakwake, ndipo nkhope ya mkazi wanga ikadali m'mimba mwake. Positi ikafika, tonse awiri timasiyabe kulankhula. A inshuwalansi ndinawaimbira ndekha n'kuwauza kuti woyendetsa wamkulu ndine. Anakonza, ndipo mtengo watsopano unaposa ngakhale wa m'kalata ija inandikhazika pansi.

Ndikukupemphani, abale anga amene muli kunja kuno, musaike pasipoti, viza kapena laisensi pa makina a kuntchito kapena a pasitolo ngati simukudziwa chomwe amachita nazo. Ngati kuntchito kwanu akusintha makina, funsani ngati akalewo afufutidwa asanatuluke pakhomo. Kalata ya mlandu womwe simukuudziwa musaipanikize pafiriji, ithamangireni tsiku lomwelo. Inshuwalansi itsitseni ndi zoona zokhazokha: galaja, mtunda womwe mumayendadi, kufunsa makampani angapo. Zija zinandithandiza ndithu, dyera ndi lomwe linandipweteka. Ndipo mukalakwa, nenani msanga. Masabata atatu aja ndi amene mkazi wanga amawatchulabe, osati laisensi.

Loweruka lapitali ndinali kutsuka galimoto ija panja pamene a Tembo anabwera kudzatsamira pampanda. Nkhani yonse anali ataimva kale kwa akazi awo. Anandiyang'ana kwa kanthawi ndikupukuta chitsulo chakutsogolo, kenako anapukusa mutu.

“Ba Pulofesa,” anatero, “makampani seveni munatumila foni, ine munaniimika pa zuba ola yonse. Manje ba madamu, bamene mugona nabo nyumba imozi, nambala yao munalibe?”