Supu ya Dona

Loweruka mdzukulu wanga anandikokera ku nyumba yakale ya mzungu cha ku Chalimbana, imene masiku ano amasungiramo zinthu zakale. Kamnyamata ka tayi kofotokoza mbiri kananyamula mphika woyera wa chivindikiro. "Umu ndi mmene Dona ankaikamo supu ya alendo."

Ndinalavula, anthu nkucheuka.

Amayi anga ankagwira ntchito m'nyumba imeneyo. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi mphika womwewo ataufunditsa kansalu, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula za paguwa. Ine ndi njala yanga ndinkati ndi ndiwo za azungu, akungondimana. Tsiku lina atautula kuseri kwa mpanda, ndinavundukula nkupisamo chala ndisanayang'ane. Mayo ine! Mkodzo wa Dona, ndi zina zoyandama. Fungo lake linandilowa mpaka m'mano.

"Vindikira, iwe!" anatero amayi, maso ali kumbali. "Usakauze atate ako."

Ndiye Lowerukalo ndinakweza dzanja. "Ba Tayi, supu iyo niidziwa. Osamwako, mwana wanga."

Anthu anaseka, ine ayi. Pakhoma alembapo mayina a agalu a Bwana, koma la mayi amene ankataya supuyo palibe.